Mafunso Anu pa za Umoyo: Minofu ya M'thupi Mwathu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera kwa awerengi a m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo ngakhale olembawo ndi osiyana misinkhu ndi ntchito, mafunso awo akukumana pa nkhani imodzi, ya minofu. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Ndili mu Fomu 3 ndipo aphunzitsi anatiuza kuti mnofu umangokoka, sukankha. Nanga zimatheka bwanji kuti ndikankhe wilibala? Anatinso mtima ndi mnofu, koma ine sindingathe kuulamula monga ndimalamulira dzanja. (Wophunzira, Linthipe, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi anu ananena zoona, ndipo mfundo imeneyi mukaigwiritsitsa, zambiri za m'phunziroli zidzakupepukirani. Munthu ali ndi minofu yoposa 600 yomangirira ku mafupa, ndipo mwa munthu wamkulu minofuyi imatenga pakati pa magawo 30 ndi 40 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa thupi. Mnofu uliwonse umadziwa ntchito imodzi yokha, ndiyo kufupika, ndipo ukafupika umakoka fupa kudzera mu mtsempha woyera wolimba umene uli kumapeto kwake. Ukamasuka sungadzitalikitse wokha. Umadikira kuti mnofu wa mbali inayo, kapena kulemera kwa chiwalocho, kuubwezeretse pamalo pake. N'chifukwa chake minofu yambiri imagwira ntchito iwiriiwiri. Gwirani kutsogolo kwa mkono wanu, pamwamba pa chigongono, ndipo mupinde mkonowo mutanyamula chigubu cha madzi: katumba amene akutupa m'dzanja mwanuyo ndiye akukoka. Kenako gwirani kumbuyo kwa mkono womwewo n'kukankha khoma, ndipo mudzamva mnofu wina ukulimba kumeneko. Umenewo ukukoka nsonga ya fupa la chigongono kuti mkono uwongoke, ndipo kuwongoka kumeneko ndiko mukukutcha kukankha. Pa wilibala ntchito yaikulu imagwiridwa ndi minofu ya m'matako, ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya akatumba a miyendo, imene imakoka mafupa kuti chiuno ndi bondo ziwongoke ndiponso kuti phazi liponde pansi mwamphamvu.

Tsiku lina kunyumba akapha nkhuku, mupemphe chipalapasiro chisanalowe mumphika. Pamene achidulapo mudzaona timitsempha toyera tonyezimira, ndipo mukakoka kamodzi zala za nkhukuyo zidzafumbata ngakhale ilibe moyo. Dzanja lanu linapangidwa mwa njira yomweyo, pakuti minofu ikuluikulu imene imapinda zala zanu sili m'zalamo ayi, koma ili pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo mitsempha yake italiitali imadutsa pa mfundo ya dzanja kukathera ku nsonga za zala. Choncho munthu amene wadzitema ndi chikwanje kapena chikwakwa pafupi ndi dzanja, ngakhale bala lioneke laling'ono, ayenera kupimidwa kuti aone ngati chala chilichonse chikupindika, chifukwa mtsempha woduka umafunika kusokedwa msanga.

Mkati mwa mnofu muli timaulusi tambirimbiri, ndipo kaulusi kalikonse ndi selo limodzi lalitali. M'selomo mwayalana tizingwe ta mapulotini ta mitundu iwiri, tonenepa totchedwa myosin ndi topyapyala totchedwa actin. Uthenga ukachoka ku ubongo, n'kutsika mu msana, n'kufika pa mnofu kudzera mu mtsempha wonyamula mauthenga, selo limatulutsa kashiamu amene linasunga m'timatumba take. Kashiamuyo amatsegula malo ena pa actin, ndipo timitu ta myosin timagwira pamalopo, kukoka, kusiya, n'kugwiranso patsogolo, monga momwe mayi amakokera chingwe cha ndowa pachitsime, dzanja lina likusiya pamene lina lagwira kale. Tizingweto sitifupika, timangolowana, koma popeza zimenezi zimachitika m'malo mamiliyoni ambiri nthawi imodzi, mnofu wonse umafupika. Kalongosoledwe kameneka kanasindikizidwa mu 1954 ndi magulu awiri a akatswiri, la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke komanso la Hugh Huxley ndi Jean Hanson, amene anafika pa mfundo imodzi gulu lililonse likufufuza palokha. Kale kwambiri izi zisanadziwike, Luigi Galvani wa ku Bologna m'dziko la Italy anafalitsa mu 1791 zimene anaona, zakuti mwendo wa chule wakufa umagwedezeka ukakhudzidwa ndi mphamvu ya magetsi.

Kukoka kulikonse kumadya mphamvu yotchedwa ATP, imene selo limapanga kuchokera ku shuga ndi mafuta a m'chakudya mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni wobwera ndi magazi. Mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya pamayeso ndi yakuti ATP imafunikanso kuti myosin asiye actin, komanso kuti kashiamu abwezedwe m'timatumba take. Kumasuka kwa mnofu nakonso kumalira mphamvu.

Za mtima, dziwani kuti minofu ilipo ya mitundu itatu. Imene tafotokozayi ndi yomangirira ku mafupa, ndipo yambiri mwa iyo timailamula mwakufuna kwathu. Mtundu wachiwiri ndi minofu yosalala ya m'makoma a matumbo, chifu, chikhodzodzo, chiberekero ndi mitsempha ya magazi, imene imakankhira chakudya kutsogolo, kuchepetsa kapena kukulitsa njira za magazi, ndi kutulutsa mwana pa nthawi yobereka popanda kufunsa mwini wake. Mtundu wachitatu umapezeka mu mtima mokha. Mtima uli ndi kagulu ka maselo apadera kamene kamayambitsa uthenga wake wokha, kawirikawiri ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi munthu wamkulu akupuma, zimene zimakwana pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Ubongo ukhoza kuufulumizitsa kapena kuuchedwetsa, koma si umene umauyambitsa.

Funso: Ndimathandiza kusambitsa maliro m'mudzi mwathu. N'chifukwa chiyani thupi limauma pakapita maola angapo, koma likakhalitsa limafewanso? (Mayi, Nsipe, Ntcheu)

Yankho: Mayi, ntchito imene mumagwirayo ndi yaulemu, ndipo yankho la funso lanu lili m'zimene tauza wophunzira wa ku Linthipe. Mtima ukaima, magazi amaleka kubweretsa mpweya ku minofu ndipo ATP imatha. Kashiamu amatayikira m'maselo, myosin amagwira actin, koma mphamvu yomusiyitsa palibe, motero minofu imakhala chigwirire. Kuumaku kumayamba patapita maola awiri mpaka 6, kawirikawiri kuyambira m'zikope, nsagwada ndi khosi, ndipo kumafika thupi lonse pafupifupi pa maola 12. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri tizingwe tija timayamba kuwonongeka ndipo thupi limafewanso. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi pamene kuzizira kumazichedwetsa, choncho zimene mungaone ku Nsipe mwezi wa Okutobala zingasiyane ndi za ku Dedza mwezi wa Juni. Mwambo wotseka maso ndi pakamwa komanso kuwongola miyendo munthu akangotsirizika ukugwirizana ndi zimenezi. Pogwira ntchitoyi muzivala magolovesi, ndipo ngati malemuwo anamwalira ndi kolera, thupi lisiyidwe m'manja mwa azaumoyo.

Funso: Chaka chilichonse ndikayamba kukumba kachewere ndi kutsitsa matumba kuchoka kumunda wa kuphiri kupita kumsewu, tsiku loyamba ndimakhala bwino, koma tsiku lachiwiri ndi lachitatu ntchafu ndi msana zimaphwanya moti ndimalephera kunjuta. Anzanga amati ndi magazi oipa ndipo amandilangiza kumwa Indocid m'mawa uliwonse. (Mlimi, Tsangano, Ntcheu)

Yankho: Bambo, magazi anu alibe mlandu. Mnofu ukagwira ntchito imene unali utaiwala, timaulusi tina timang'ambika pang'onopang'ono mkati, mosaoneka ndi maso. Thupi limatumiza madzi ndi maselo okonza pamalopo, malowo amatupa pang'ono, ndipo mitsempha ya ululu imadzuka. Ntchito yokonzayi imatenga nthawi, n'chifukwa chake ululu umakula pakati pa maola 24 ndi 72 kenako n'kuzilala wokha sabata isanathe. Ena amanena kuti wochititsa ndi asidi wa lactic amene amachuluka munthu akagwira ntchito mwamphamvu, koma ameneyo amachoka m'minofu pasanathe ola limodzi kapena awiri, ndipo sangakhale amene akukupwetekani mkuja.

M'kalata yanu muli mawu amodzi ofunika kwambiri, akuti kutsitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti chitunda ndicho chimapweteka minofu, pamene chitsitso ndicho chimaing'amba kwambiri. Mukamatsika phiri thumba lili paphewa, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakoka pofuna kuti bondo lisagwe, koma nthawi yomweyo kulemera kwanu ndi kwa thumba kukuitalikitsa. Mnofu wokoka uku ukutalikitsidwa umavulala msanga kuposa wokoka uku ukufupika. Chosangalatsa n'chakuti ukachira umalimba kuposa kale, ndipo ntchito yomweyo ikabwerezedwa sabata yotsatira ululu umachepa kwambiri, zimene ndikukhulupirira kuti mwaziona nokha pakati pa nyengo yokolola. Choncho masiku oyambirira muziyamba ndi matumba osadzaza ndi maulendo ochepa, muzitsika ndi mapazi afupiafupi, ndipo ululu ukabwera musagone tsiku lonse, koma muziyenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Kuthowa ndi madzi ofunda kumathandiza. Ponyamula thumba pansi, muziyandikira pafupi nalo, mupinde mawondo, ndipo musapotoze chiuno thumba lili m'mwamba. Ngati ndi lija losokerera pamwamba, loposa makilogalamu 50, muzinyamula anthu awiri.

Malangizo a Indocid ndikuwakana kwathunthu. Mankhwalawa, pamodzi ndi Brufen ndi ena a gulu lawo, akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba muli njala, amayambitsa zilonda za m'mimba zimene zimatha kutuluka magazi, ndipo amawononga impso, makamaka za munthu amene watha madzi m'thupi chifukwa cha thukuta. Ndi mankhwala oyenera kulembedwa ndi dokotala, osati ogula pa okala kuti akhale mfisulo. Ngati ululu wakula, Panado womwedwa motsatira mlingo wake ndi wokwanira kwa masiku awiri kapena atatu.

Palinso ululu wina umene si wa ntchito, ndipo musaupirire. Kuphwanya m'thupi kobwera ndi kutentha thupi kumafunika kuyezetsa malungo. Minofu ikatupa kwambiri, n'kufooka, ndipo mkodzo n'kuda kufika pa mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti mnofu wawonongeka kwambiri ndipo zotuluka m'menemo zikhoza kutseka impso. Msana wopweteka pamodzi ndi kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa ntchafu kapena kulephera kugwira mkodzo umafunika chipatala tsiku lomwelo, ndipo msana wopweteka kwa masabata ambiri pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana. Kupanikizika pachifuwa pokwera chitunda, kofalikira kumkono wamanzere kapena kunsagwada, n'chizindikiro chakuti mnofu wa mtima sukulandira magazi okwanira.

Funso: Ndimapalasa kabaza. Usiku katumba wa mwendo amandikoka mpaka kufuula. Mkazi wanga ndi woyembekezera ndipo nayenso zikumuchitikira. (Wakabaza, Lizulu)

Yankho: Kukokana kwa mnofu kumachitika pamene mitsempha ya mauthenga ikutumiza lamulo lokoka mosalekeza, ndipo zimenezi zimakonda mnofu wotopa, makamaka ukakhala wofupika, monga momwe katumba amakhalira munthu akagona phazi litaloza pansi. Zikakugwirani, wongolani bondo n'kukokera zala za kuphazi kumaso kwanu, kapena imirirani n'kuponda chidendene pansi, ndipo mukhale choncho mpaka mnofu utamasuka. Musanagone, imani moyang'ana khoma, mwendo umodzi kumbuyo chidendene chili pansi, n'kutsamira kutsogolo kwa theka la mphindi, mbali iliyonse kangapo. Muonenso chishalo cha njinga yanu, pakuti chikatsika kwambiri bondo siliwongoka mokwanira ndipo minofu imatopa msanga. Madzi muzimwa tsiku lonse, osadikira kuti mufike kunyumba.

Kwa akunyumba kwanu, kukokana kwa miyendo kumachitika kwa amayi ambiri m'miyezi yomaliza ya pakati, ndipo njira yomasulira ndi yomweyo, koma akakatchule kusikelo. Mwendo umodzi ukatupa, n'kutentha, n'kumapweteka masana omwe, asauthowe kapena kuusisita, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha wa mkati, ndipo zimenezo zimafuna chipatala mwachangu. Kukokana kobwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba kapena kusanza kumasonyeza kuti madzi ndi mchere zatha m'thupi. Wodwalayo ayambe kumwa Thanzi ORS ali pa ulendo wa kuchipatala.

Funso: Ndimalondera usiku. Mwezi wa Juni ndi Julayi ndimanjenjemera mpaka mano kugundana. Kodi kumwa kachasu pang'ono sikungathandize? (Mlonda, Dedza boma)

Yankho: Kunjenjemera ndi njira imene thupi likudzitetezera nayo. Gawo lalikulu la mphamvu imene mnofu umadya limasanduka kutentha, motero ubongo ukaona kuti thupi likuzizira umalamula minofu kukoka ndi kumasuka mofulumira kuti ipange kutenthako. Kachasu amatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa mkati kukutayikira kunja, ndipo amachepetsanso kunjenjemera kumene kukanamuteteza. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo munthu woledzera akagona panja m'miyezi imeneyi moyo wake umakhala pa chiswe. Idyani mokwanira musanapite ku ntchito, valani zovala zingapo zosanjikiza ndi chipewa, muziyendayenda, ndipo mutenge tiyi wotentha m'fulasiki. Mbaula ya makala musaiyatse m'kanyumba kotseka.

Funso: Timanyamula zitsulo ndi anzanga. Ena akuti ndikadzasiya, akatumba adzasanduka mafuta, ndiponso kuti popanda ufa wogula m'sitolo sindingakule. (Mnyamata, Ntcheu boma)

Yankho: Mnofu ndi mafuta ndi maselo a mitundu yosiyana, ndipo wina sasanduka mnzake. Mukasiya masewerawa timaulusi ta mnofu timachepa, ndipo mukapitiriza kudya monga munkadyera, chakudya chotsalacho chimasungidwa ngati mafuta, anthu n'kumati akatumba asungunuka. Mnofu umakula pamene timaulusi take tanenepa, ndipo kunenepako kumachitika pa nthawi yopuma ndi ya tulo, choncho mnofu umene mwaulemetsa lero muupatse tsiku limodzi kapena awiri musanaulemetsenso. Munthu wamkulu wosachita masewera olemetsa amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapulotini pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza magalamu 48 kwa munthu wa makilogalamu 60, ndipo wonyamula zitsulo amafunika oposa pamenepa, mwina kufika kuwirikiza kawiri. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, ndipo usipa, matemba, soya, nyemba, mtedza ndi mkaka zikhoza kukwaniritsa zotsalazo. Mapiritsi ndi majekeseni okulitsa thupi ogulitsidwa mobisa muwapewe, pakuti amawononga chiwindi ndi mtima ndipo amachepetsa mphamvu yobereka.

Funso: Mayi anga a zaka 68 anadwala sitiroko miyezi iwiri yapitayo. Mkono ndi mwendo wa kumanja sizigwira ntchito, mkonowo ukuwonda ndipo wayamba kupindika. Achibale akufuna akatemedwe mphini pamkonopo, ena akuti tisamawasunthe kuti apume. Tichite chiyani? (Mwana wawo wamkazi, Bembeke, Dedza)

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa nthawi isanathe. Choyamba kuti mumvetse ndi chakuti vuto silinayambire mu mkonomo. Sitiroko imachitika pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamula mbali ya kumanja ya thupi, choncho chovulala mwa mayi anu chili kumanzere kwa mutu, kumene kulinso malo oyendetsa kulankhula mwa anthu ambiri. Minofu ya mkonowo ndi yamoyo, koma uthenga woyenera sukuifika. Mphini zotemedwa pakhungu la mkono sizingafike kumene kuli vuto, ndipo zingangowonjezera bala lolowera tizilombo pa chiwalo chimene sichimva bwino.

Mnofu wosagwiritsidwa ntchito umafota, ndipo mwa okalamba umafota msanga. Ngakhale munthu wosadwala amataya pakati pa magawo 3 ndi 8 pa magawo 100 alionse a minofu yake pa zaka khumi zilizonse akapitirira zaka 30, ndipo kutayaku kumakula akadutsa zaka 60. Kugona pamphasa sabata ziwiri zokha kukhoza kulanda gogo mphamvu zodzukira, ngakhale ku mbali imene sinadwale. Kufota kotereku tinkakuonanso mwa ana odwala poliyo, matenda amene amapha mitsempha ya mauthenga ya mu msana. Ndipo popeza mu February 2022 dziko lathu linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba chichokere 1992, katemera wa ana si nkhani yakale. Kupindika kumene mukuonako kuli ndi chifukwa china. Ubongo wabwino umatumizanso mauthenga oletsa minofu kukoka mopitirira, ndipo oletsawo akasowa, minofu yopinda chigongono ndi zala imapambana yowongola, mkono n'kumamatira pachifuwa dzanja litafumbata. Ukasiyidwa choncho miyezi ingapo, mnofu ndi mitsempha yake zimafupikiratu, ndipo mfundoyo siwongokanso ngakhale mphamvu zitabwerera.

Choncho amene akuti musawasunthe akulakwitsa, ngakhale akunena mwachikondi. Tsiku lililonse, kawiri kapena katatu, muzipinda ndi kuwongola mfundo iliyonse ya mbali yodwalayo, kuyambira zala, dzanja, chigongono, phewa, chiuno, bondo mpaka kakolo, mwapang'onopang'ono ndi mosakakamiza, ndipo muziima pamene ayamba kumva kupweteka. Powadzutsa musawakoke mkono wodwalawo, chifukwa phewa limagwiridwa ndi minofu, ndipo minofuyo ikafooka fupa limatsetsereka pamalo pake. Muziwagwira kumsana ndi m'chiuno. Akakhala pansi mkonowo utsamire pa pilo kapena pa chitenje chopindapinda, usalendewere. Ngati sangathe kudzitembenuza, muziwatembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Kumeza nakonso ndi ntchito ya minofu, motero azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo akamatsamwa ndi madzi mukauze achipatala.

Chovuta kwambiri kwa mwana wokonda kholo lake ndicho kusawachitira zonse. Asiyeni ayese okha kugwira kapu, kusamba kumaso, kutola nyemba m'lichero ndi dzanja lodwalalo ngakhale zitenge nthawi, pakuti ubongo umatsegula njira zatsopano mwa kubwerezabwereza, ndipo kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu mpaka 6 yoyambirira. Muli mkati mwa nthawi imeneyo. Pitani nawo ku chipatala cha boma la Dedza mukapemphe kuonana ndi a mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo zofooka, amene angakuphunzitseni zoyenera mayi anu ndi kukutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ngati kuli kofunika. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre, malo othandiza anthu ofooka ziwalo. Mankhwala a BP asasiye ngakhale akumva bwino.

Funso: Mnansi wathu analasidwa ndi khasu kuphazi akuchotsa manyowa m'khola. Patatha sabata ndi theka nsagwada zinauma, thupi lonse linkakungika, ndipo anagonekedwa m'chipatala pafupifupi mwezi. Ena akuti anamulodza. Kodi ife amene tinkamusamalira tingatengere? (Bambo, Kasinje, Ntcheu)

Yankho: Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kafumbata, ndipo kafumbata sapatsirana kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, choncho mitima yanu ikhale pansi. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani, kamene mbewu zake zimakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto kwa zaka zambiri. Kachilomboka kamakula pamalo opanda mpweya, n'chifukwa chake bala lakuya ndi lopapatiza, la msomali, minga, khasu kapena chitsotso, ndi loopsa kuposa lotambalala lotuluka magazi ambiri. Dzimbiri palokha si limene limadwalitsa, koma dothi limene chitsulocho chalowetsa. Kachilomboka kamatulutsa poizoni amene amakwera m'mitsempha ya mauthenga mpaka mu msana, kumene amatseka mauthenga oletsa aja, motero minofu yopinda ndi yowongola imakoka nthawi imodzi popanda womasula. Zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku atatu ndi 21 chivulalire, kuyambira kunsagwada ndi m'khosi, kenako pamimba ndi kumsana mpaka msana kupindikira kumbuyo, ndipo phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa kokha kumadzutsa kukungikako, wodwalayo ali maso ndipo akumva ululu wonse. Chimene chimapha ndi kugwidwa kwa minofu yopumira. Mnansi wanuyo anapulumuka chifukwa anafika kuchipatala, ndipo ndikupempha kuti pasapezeke gogo aliyense m'mudzimo wolozedwa chala pa matenda amene gwero lake ndi manyowa a m'khola.

Kafumbata amapewedwa ndi katemera. Ana m'dziko muno amamulandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo amayi amabayidwa kusikelo kuti iwo ndi khanda lobadwalo atetezeke. Amene amatsalira ndi abambo, chifukwa ambiri sabayidwanso chichokere ku ukhanda pamene mphamvu ya katemerayo imachepa ndi zaka, chonsecho ndi iwo amene amakhala m'makola ndi m'madimba, nthawi zina opanda nsapato. Mukavulala, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri aukhondo, musathirepo dothi, phulusa, ndowe kapena mafuta a galimoto, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti bala lachokera m'khola kapena m'munda komanso kuti munabayidwa liti komaliza. Chimodzimodzinso pa mchombo wa khanda pasapakidwe kanthu kena kupatula zimene achipatala apereka, ndipo khanda limene linkayamwa bwino masiku awiri oyamba kenako n'kuleka kuyamwa ndi kuuma thupi lithamangitsidwe kuchipatala. Mnansi wanuyonso mumuuze kuti kudwala kafumbata sikupatsa munthu chitetezo, choncho ayenera kulandira katemera wonse monga amene sanadwalepo, ndipo akafunse kuchipatala masiku oyenera kubwererako.